Akhwangwala a pa Domwe

Kope loyamba linadyedwa ndi chiswe,
ndiye chaka chenicheni musandifunse.
Ndingodziwa kuti mbendera inali isanasinthe
pamene mpira woyamba, wachikopa, wa zingwe pamimba,
unafika m'sutikesi ya Fulujensiyo Kambalame
kuchokera ku migodi ya Mowatizi,
pamodzi ndi chifuwa chimene chinadzamupha.

Bwalo linali munda wa mbatata wa ambuye padiri.
Tinasalaza ndi makasu Loweruka zitatu,
koma mizere siiwala.
Mpaka lero mpira ukadunda chakumpoto umakhota wokha.
Alendo amati tinakwirirapo mankhwala.
Ife sititsutsa.

Malaya anali matumba a ufa wa tirigu.
Mai Felisimina anawaviika mu utoto wakuda,
utoto n'kuthera panjira, pachifuwa n'kutsala mbee!
Titalowa m'bwalo la ku Ulongwe
anthu anagwa nako kuseka: taonani akhwangwala!
Tinatola chipongwecho, n'kuchikuntha fumbi, n'kuchivala.

Ndiye kunadza Lamulungu lija.
Tinkatsogola chigoli chimodzi pa anyamata a ku Tsangano,
tili pa mpumulo, tikuyamwa nzimbe,
mfuti zinayamba kutsokomola kuseri kwa phiri.
Woyimbira anathawa pinto ili kukamwa.
Malaya khumi ndi limodzi anaoloka malire a Dedza
ali mumphika, pamutu pa Felisimina,
pamwamba ataikapo nyemba.
La goloyi silinaoloke.
Anastaziyo anali atalivala,
ndipo anabwerera kukamasula ng'ombe za bambo ake.

Zaka zisanu ndi ziwiri tinasewera m'misasa,
mpira wa mapepala, mayina obwereka,
ochemerera ali pamzere wa ufa.

Pobwerera tinapeza udzu wopitirira munthu,
mitengo ya magolo anthu anaotha kalekale.
Anadza amuna ovala zishango kumaso
ndi ndodo zolira ngati nkhululu,
anafukula mabomba atatu,
limodzi pamalo penipeni pomenyera penate.
Zeferino, amene kumanzere ankathamanga kusiya mthunzi wake,
analipeza lake msanga, panjira ya kudimba.
Ndiye mphunzitsi wathu tsopano.
Amaloza ndi ndodo yoyendera,
ndipo palibe mnyamata amene amamuuza kuti mwendo ukuwawa.

Chaka chathu chachikulu chinali chimodzi.
Tinakwera lole ya fodya usiku wonse kutsikira ku Tete,
ena kuona Zambezi koyamba,
kugwirana malaya pa mlatho.
Dzuwa la kumeneko silidziwa mlendo.
Ana a kumapiri, ozolowera chisanu cha Juni,
tinasungunuka ngati phula.
Anatimwetsa zisanu ndi ziwiri.
Ife chimodzi.
Koma chimodzicho!
Kalisito Chimbalanga amachigoletsabe Loweruka lililonse
pa baraka ya Dona Rozita,
ndipo chaka ndi chaka amachimenyera patali.
Pano wafika pakati pa bwalo.
Akadzafa adzakhala akuchimenya ali ku Domwe konkuno.

Lero m'bokosi muli mametikali mazana atatu ndi makumi anayi,
pampu yopanda singano,
ndi makope anayi amene ndalemba ine.
Anyamata aluso amatengedwa ndi njinga zamoto
kukanyamula anthu pa msika,
otsala amavala malaya a matimu a kutsidya kwa nyanja
ndi mayina amene agogo awo sangawatchule.
Mbuzi zimatidulira udzu osalipiritsa.

Chikho sitinachigwirepo.
Matimu amene ankatiseka, a kampani ya fodya, a masitolo,
anabwera ndi nsapato zonyezimira
n'kutha ngati mvula ya chizimalupsa.
Paja khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba.

Mwa amene anali m'bwalo Lamulungu lija
tatsala anayi kuno, kwawo akuti atatu.
A ku Tsangano ndinawalembera kawiri
kuti abwere tidzamalize chigawo chachiwiri.
Sanayankhe.
M'kope ndinasiya mzere wosatseka:
tikutsogola chimodzi kwa duu,
ndipo pagolo pakadali Anastaziyo.